Bodza la pa fomu limalemera kuposa mlandu wakale wa ku usilikali

Andilembera achimwene ena obadwira ku Malawi amene tsopano ndi nzika ya America. Anali msilikali wa America, ndipo zaka zinayi zapitazo analangidwa pansi pa Article 15 ya malamulo a asilikali chifukwa chojomba kuntchito atamwa. Panopa apeza ntchito pakampani yomwe imagwirira boma ntchito zachitetezo, choncho akufunika security clearance, chilolezo choonera zinsinsi za boma. Podzaza fomu ya SF-86, yopemphera chilolezochi, anayankha kuti sanalangidwepo. Akufunsa ngati angokhala phee, poti mwina sizidziwika.

Achimwene, musayerekeze kukhala chete.

Article 15 payokha si khoti. Ndi chilango chomwe mkulu wa asilikali amapereka: kudula malipiro, kutsitsa udindo, kapena kuwonjezera ntchito. Koma fomuyo imafunsa mosapita m'mbali ngati munalangidwapo motere m'zaka 7 zapitazi, ndipo imatchula Article 15 ndi dzina. Ofufuza a DCSA, bungwe la boma lofufuza mbiri ya opempha chilolezochi, amaitanitsa mafayilo anu a ku usilikali, amachezanso ndi anthu omwe munkagwira nawo ntchito. Sajeni amene ankakuitanani dzina m'mawa uja inu kulibe, mukuganiza kuti waiwala?

Ogamula zopereka chilolezochi amatsata malamulo a boma otchedwa SEAD 4 a 2017, omwe ali ndi mfundo 13. Kumwa kwanu kuli ndi mfundo yake, ndipo pamenepo nthawi imakuthandizani: zinachitika kale, sizinabwerezedwe, munasintha. Bodza limagwera pa Guideline E, ya khalidwe la munthu, ndipo vuto lake ndi loti ndi la dzulodzuloli. Simunganene kuti munali mwana. Boma limaganiza motere: munthu wobisa kanthu kakang'ono kuti apeze ntchito, nanga akadzataya chikalata chachinsinsi adzaulula? Ndiponso wobisa zinthu savuta kumuopseza kuti amuyalutsa. Kunama dala pafomuyi ndi mlandu pansi pa lamulo la America la 18 U.S.C. 1001, ndipo chilango chake chimatha kufika zaka 5 m'ndende.

Mwayi ulipo umodzi. Malamulo omwewo amachepetsa kulakwa ngati munthu wakonza yekha, mwachangu komanso moona mtima, asanamuonetse umboni. Ndiye pitani kwa mkulu woona zachitetezo pakampani panu, amene amamutcha FSO, mumuuze kuti yankho lina pagawo la usilikali ndi lolakwika, ndipo mulembe. Wofufuza akayamba ndi iye kutulutsa pepala patebulo, madzi afika m'khosi. Musapekenso nkhani yoti simunamve funso ngati munalimva. Limenelo ndi bodza lachiwiri.

Zikavuta mudzalandira Statement of Reasons, kalata yofotokoza zifukwa zofuna kukukanirani. Ogwira ntchito m'makampani amapatsidwa masiku 20 oti ayankhe, ndipo atha kupempha kukaonekera kwa woweruza wa DOHA, ofesi ya unduna wa zachitetezo yomva milandu yotere. Pamenepo pezani loya wodziwa nkhanizi, osati msuweni amene anaphunzirako zamalamulo. Dziwaninso kuti mu 1988, pamlandu wa Department of the Navy v. Egan, khoti lalikulu la America linati palibe amene ali ndi ufulu wolandira chilolezochi. Pakakhala chikayiko, amakondera chitetezo cha dziko. Mukakanidwa mumadikira chaka musanapemphenso.

Poti mukukonza kale fomuyo, onaninso gawo la achibale. Amayi kumudzi, ndalama zomwe mumatumiza, malo amene munagula ku Lilongwe, pasipoti ya Malawi ngati muli nayo, zonsezo lembani. Kukhala ndi abale kunja si mlandu.