Kodi ndimulande foni mwana wanga chifukwa cha uthenga wabodza?

Mayi wina wa ku Bangula wandilembera pa imelo. Akuti mwana wawo wamwamuna wa zaka 19 sasiyana ndi foni, ndipo m'dzinja lapitali anadzutsa banja lonse pakati pa usiku atalandira uthenga wa mawu pa WhatsApp wonena kuti madzi a Ruo akubwera. Anathawira kumtunda ndi ana ndi mbuzi zomwe, koma kutacha zinadziwika kuti uthengawo unali wa chaka china. Akufunsa ngati kuli koyenera kumulanda foniyo.

Mayi, mkwiyo wanu ndikuumvetsa, pakuti kugona panja ndi ana aang'ono, udzudzu uli wawawa, si chinthu chopepuka. Komabe ndikupempha kuti musamulande.

Kuno kuchigwa madzi amene amatiwononga kawirikawiri sachokera ku mvula yogwa padenga pathu. Mvula ikagwa yambiri ku Mulanje ndi ku Thyolo, Ruo amadzaza, n'kudzakumana ndi Shire ku Chiromo, ndipo anthu a ku Makhanga angathe kuona madzi pakhomo kwawo kusanagwe mvula yochititsa mantha. Tinaziona mu Januwale 2015, tinazionanso ndi namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu Januwale 2022 amene anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, komanso wa Freddy mu Malichi 2023. Msewu ukaduka, magetsi atazima, munthu amene amayamba kumva zimene zikuchitika kumtunda ndi mnyamata amene ali ndi mnzake kumeneko komanso foni yotchajidwa ndi sola. Ntchito imene kale inali ya mthenga wa amfumu lero ili m'manja mwa ana athu, ngakhale kuti palibe anawaika kapena kuwalangiza.

Pamenepa ndi pamene pagona vuto. Mthenga wa amfumu tinkamudziwa nkhope, ndipo akanama ankakayankha pabwalo. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp ulibe nkhope, ndipo tsiku limene limaoneka pafoni ndi limene wafika kwa inu, osati limene mwini wake anaulankhula. Mawu a munthu wolira chifukwa cha Freddy angathe kuzungulira m'magulu chaka ndi chaka mvula ikangoyamba, monganso zithunzi za ku Mozambique zimene ena amati zajambulidwa ku Nsanje. Achinyamata ambiri amagula bandulo yotchipa ya WhatsApp kapena Facebook yokha, kotero kuti sangathe kukafufuza nkhaniyo pena. Onjezanipo chilakolako chofuna kukhala woyamba kunena kuti "mwamva?", chimene, kunena zoona, nafenso akuluakulu tili nacho.

Chimene ndikufuna mumuphunzitse mwana wanu ndi kusiyanitsa mauthenga. Uthenga wochenjeza za madzi ukafika usiku, ayese kuimbira munthu wodziwika wa kumtunda kapena wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zadzidzidzi, amufunse kuti waona chiyani ndi maso ake, kuti, ndipo nthawi yanji. Akalephera kupeza munthu, mvula n'kukhala kuti yagwadi masiku angapo, adzutse banja monga anachitira. Pa mbali iyi sindimuweruza konse, chifukwa kuthawa pachabe kumangotayitsa tulo.

Uthenga woneneza munthu ndi wina. Mukukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017, zimene zinafala m'maboma a kuno kummwera monga Mulanje ndi Phalombe, mpaka anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Lero nkhani yotere imayenda mofulumira kuposa nthawi imeneyo: chithunzi cha munthu, mawu akuti ndi mfiti kapena wakuba ng'ombe, basi chafika m'magulu khumi dzuwa lisanalowe. Uthenga wotere asautumize kwa aliyense, ngakhale utachokera kwa mnzake wapamtima. Adziwenso kuti dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2016 loyang'anira zochitika pa intaneti, ndipo anthu akhala akumangidwa chifukwa cha zimene analemba kapena kutumiza pafoni.

Malo odalirika omvera nkhani alipo. Nthambi yoona zanyengo imaika machenjezo ake pa Facebook, chimodzimodzinso nthambi ya boma yoona za ngozi zadzidzidzi ya DoDMA, ndipo wailesi zathu za m'dera monga Nyanthepa ndi Gaka zimalankhula chinenero chimene agogo amamva. WhatsApp nayonso imaika chizindikiro pa uthenga umene watumizidwa kambirimbiri. Akachiona, adziwe kuti amene wamutumizirayo si mboni.

Mvula isanayambe mu Novembala, khalani naye pansi, musunge m'foni mwake manambala a wapampando wa komiti ija ndi a achibale awiri kapena atatu okhala kumtunda kwa mitsinje, ndipo mumuuze pamaso pa abale ake kuti ntchito yotsimikiza nkhani za madzi pakhomo panu mwaipereka kwa iye.