Mpando umene a Obama anayambira: mbiri ya dera la 13 la Senate ya Illinois

Mwa makalata amene afika pano muli imelo ya bambo wina amene akukhala ku Chicago, cha kummwera kwa mzindawu, kufupi ndi nyanja ya Michigan. Funso lawo mwachidule ndi ili: "Ndamva kuti kuno ndi dera limene a Barack Obama ankaimira asanapite ku Washington. Unali mpando wanji? Analipo ndani iwo asanabwere komanso atachoka? Nanga n'chifukwa chiyani anzanga kuno amati chisankho cha mu Novembala pa mpando umenewu n'chongokwaniritsa mwambo?"

Bambo, anzanuwo sakunama. Mpando umenewu nthawi zambiri umakhala utapeza kale mwini wake Novembala asanafike. Umagawidwa pojambula mapu a malire, pounika mayina a anthu osainira wopikisana, komanso pa msonkhano wa akuluakulu a chipani mpandowo ukakhala wopanda munthu. Koma tiyambe ndi mpandowo.

Illinois ndi chimodzi mwa zigawo 50 za dziko la America, ndipo chigawo chilichonse chili ndi boma lake, bwanamkubwa wake ndi nyumba yake ya malamulo. Ya Illinois imakumana ku Springfield, osati ku Chicago, ndipo ili ndi mbali ziwiri: Senate ya maseneta 59 ndi House ya aphungu 118. Dera lililonse la seneta amaligawa pakati kuti patuluke madera awiri a aphungu, choncho m'dera la 13 muli madera a House a 25 ndi 26. Kalembera wa 2020 anapeza anthu pafupifupi 12.8 miliyoni m'chigawochi, kutanthauza kuti seneta mmodzi amaimira anthu pafupifupi 217,000. Powerenga amawerenga aliyense wokhala m'deralo, ana ndi obwera omwe, osati ovota okha. Senate iyi musaisokoneze ndi ya ku Washington, kumene chigawo chonse chimatumiza anthu awiri okha. A Obama anakhalapo m'zonse ziwiri, koma ya ku Springfield ndiyo inayamba.

Mtima wa derali ndi Hyde Park, kumene kuli University of Chicago, pamodzi ndi Kenwood ndi South Shore. Anthu ambiri akuda amene akukhala kumeneko ndi ana ndi zidzukulu za mabanja amene anachoka kuzigawo za kummwera kwa America pothawa tsankho ndi kufunafuna ntchito m'mafakitale a Chicago. Kwa zaka zambirimbiri anthu a kumeneku akhala akuvotera chipani cha Democratic mwaunyinji, moti wa Republican akaima amangoperekeza. Hyde Park imadziwikanso ndi ovota osamva za mabwana a chipani, ndipo khalidwe limeneli linaonekera mwa a Richard Newhouse, loya amene analowa mu Senate mu 1967 n'kukhalamo mpaka 1991. A Newhouse sankagwadira gulu la mfumu ya mzinda Richard J. Daley, lomwe linkagawa ntchito ndi mipando mu Chicago, ndipo mu 1975 anafika popikisana ndi a Daley eniakewo pa chipulula cha umfumu wa mzinda. Sanapambane, koma mpando wawo wa useneta sunagwedezeke.

Apa pali msampha kwa aliyense wofufuza mbiri ya dera. Nambala imasuntha. Dera la a Newhouse linayamba kutchedwa la 13 mu 1983, mapu atsopano atayamba kugwira ntchito. Mukatsegula mndandanda wa "maseneta a dera la 13" n'kubwerera m'mbuyo kupitirira chaka chimenecho, mupeza anthu amene ankaimira malo ena. Nthawi zonse funsani kaye kuti mapu ake ndi a chaka chiti.

A Newhouse atapuma mu 1991, mpando unapita kwa mayi Alice Palmer popanda chisankho. Kwathu phungu akamwalira kapena kutula pansi udindo timayembekezera chisankho chapadera, koma malamulo a Illinois amati mpando udzazidwe pasanathe masiku 30, ndipo wolowayo akhale wa chipani chomwecho cha wochokayo. Osankha ndi atsogoleri a chipani a m'mawadi amene ali m'deralo. Mavoti awo safanana: mtsogoleri aliyense amanyamula mavoti ochuluka mofanana ndi amene seneta wochokayo anapeza m'wadi yake pa chisankho chimene chinamulowetsa. Ndiye ngati mawadi awiri kapena atatu ndiwo anapereka mavoti oposa theka, atsogoleri awiri kapena atatu akangomvana nkhani yatha. Woikidwayo amakaonekera kwa ovota pa chisankho chachikulu chotsatira pokhapokha ngati nthawi yotsala pa mpandowo ikuposa miyezi 28. Ikachepera pamenepo amamaliza nthawi yonse.

Mayi Palmer anasankhidwa ndi anthu mu 1992. Mu 1995 mpando wa dera lachiwiri wa ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington, unatseguka a Mel Reynolds atatula pansi udindo, ndipo mayiwa anaganiza zokayesa kumeneko. Anaonetsa kwa anthu a Obama, loya wachinyamata amene ankaphunzitsanso zamalamulo pa yunivesite ya m'deralo, kuti ndiwo owalowa m'malo. Pa chipulula cha mu Novembala 1995 anapambana a Jesse Jackson Jr., mayi Palmer anakhala achitatu, ndipo anafuna kubwerera pampando wawo wakale. A Obama anakana kuwapatsa njira.

Pamenepa ndi pamene nkhani ya mayina imalowera, ndipo ndiyofunika kuimvetsa bwino chifukwa mu Chicago yagwetsa anthu ambiri. Kuti dzina la munthu lilembedwe pa pepala lovotera la chipulula, ayenera kubweretsa mapepala osainidwa ndi ovota a m'deralo. Nthawi imeneyo pankafunika mayina 757 ovomerezeka. Mayi Palmer anasonkhanitsa awo mothamanga, m'masiku ochepa a mu Disembala, n'kupereka 1,580. Lamulo limalola wovota wa m'deralo kudandaula pasanathe masiku asanu ogwira ntchito kuchokera pa tsiku lotseka, ndipo dandaulo likalowa, ogwira ntchito ku bungwe la zisankho la mzindawo amakhala pansi ndi nthumwi za mbali zonse ziwiri n'kumayerekeza dzina limodzilimodzi ndi kaundula wa ovota. Dzina limafufutidwa ngati mwini wake sanalembetse pa adiresi imene walemba, ngati amakhala kunja kwa malire a dera ngakhale ndi msewu umodzi wokha, kapena ngati kasainidwe kake sikakufanana ndi ka m'kaundula. Tsamba lonse likhoza kutayidwa ngati amene ankayenda nalo sanalumbire moyenera pansi pake kuti anaona anthuwo akusaina. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amasonkhanitsa mayina owirikiza kawiri kapena katatu, ndipo amawaunika okha asanakapereke. Otsatira a Obama anadandaula za mapepala a mayi Palmer ndi a anthu ena atatu. Mayina ovomerezeka a mayiwa anapezeka osakwana 757, ndipo mu Januwale 1996 anachoka pa mpikisano. Enawonso anagwa. Pa chipulula cha mu Malichi a Obama anaima okha, mu Novembala anapeza mavoti oposa 80 pa 100 alionse, ndipo analumbira mu Januwale 1997.

Zonsezi zinali zololedwa ndi lamulo, ndipo lamulo lofuna mayina enieni lili ndi cholinga chabwino. Komabe ine ndimaona kuti ovota a m'derali analandidwa mwayi wosankha pakati pa anthu awiri odziwika, ndipo mpaka lero alipo a ku South Side, kummwera kwa Chicago, amene nkhaniyi imawawawa.

Mwina mudabwa kuti a Obama anaimanso mu 1998, patangotha zaka ziwiri, kenako mu 2002. Maseneta a Illinois amawagawa m'magulu atatu, ndipo pa zaka khumi zilizonse gulu lililonse limakhala ndi nthawi ziwiri za zaka zinayi ndi imodzi ya zaka ziwiri: 2-4-4, 4-2-4 kapena 4-4-2. Amachita dala kuti mapu atsopano akatuluka mipando yonse 59 ipikisanidwe pamodzi. M'zaka za m'ma 1990 dera la 13 linali pa 4-2-4.

Tsopano mapuwo. Kuyambira pa chigamulo cha khoti lalikulu la America pa mlandu wa Reynolds v. Sims mu 1964, madera a nyumba za malamulo za zigawo ayenera kukhala ndi anthu ochuluka mofanana, ndiye kalembera aliyense akachitika malire amajambulidwanso. Malamulo aakulu a Illinois a 1970 amapereka ntchitoyi kwa aphungu ndi maseneta eniake, ndipo ayenera kuimaliza pofika pa 30 Juni chaka chotsatira kalembera. Akalephera, atsogoleri anayi a nyumba ziwirizi amasankha komiti ya anthu 8, anayi mbali iyi anayi mbali inayo, imene ili ndi mpaka pa 10 Ogasiti. Nayonso ikakanika, khoti lalikulu la chigawo limapereka mayina awiri a zipani zosiyana, ndipo mlembi wamkulu wa boma amachita maere kuti apeze munthu wachisanu ndi chinayi. Amene analemba lamuloli ankaganiza kuti palibe chipani chingalole kuika zaka khumi pa maere, ndiye zipani zizigwirizana. Zinachitika ndi zosiyana: mu 1981, 1991 ndi 2001 zipani zinasankha maerewo, chifukwa wopambana amatenga zonse. Mu 1991 mwayi unagwera a Republican, ndipo analamulira Senate kuyambira 1993 mpaka 2003 motsogozedwa ndi a James "Pate" Philip. Zaka zisanu ndi chimodzi zoyamba za a Obama zinathera ku mbali yochepa mphamvu, kumene bilu yako siyenda popanda kupempha anzako a mbali inayo. Mu 2001 mlembi wamkulu wa boma, a Jesse White, anatulutsa dzina la a Michael Bilandic, a Democratic, m'chipewa chopangidwa motengera cha Abraham Lincoln.

Chipewa chimenecho chinasintha dera la 13. Poyamba linkachoka ku Hyde Park n'kulowera kumadzulo, kukatenga madera osauka monga mbali ya Englewood. Mapu a 2001 analiimika m'mbali mwa nyanja, kukwera kumpoto kudutsa pakati pa mzinda mpaka kukafika ku Gold Coast, kumene kumakhala ena mwa anthu olemera kwambiri mu Chicago. Anthu akuda anakhalabe ochuluka, koma munalowa azungu ambiri, ophunzira ndi achuma. A Obama anali atangogonja kwambiri kwa a Bobby Rush pa chipulula cha ku Congress mu 2000, ndipo mapu atsopanowa anawapatsa ovota ndi othandiza ndi ndalama amene anawafuna pokapikisana m'chigawo chonse. Anthu a kumadzulo aja anangodzuka ali m'dera lina, ndi seneta wina, osasamuka nyumba. Mu 2003 a Democratic atatenga Senate, mtsogoleri wawo Emil Jones anapatsa a Obama komiti ya zaumoyo ndi mabilu akuluakulu, kuphatikizapo lamulo loti apolisi azijambula pa vidiyo pofunsa oganiziridwa milandu yakupha, ndi loti azilemba mtundu wa dalaivala aliyense amene amuimitsa pamsewu.

Mu 2011 ndi 2021 maere sanafunike, poti a Democratic anali ndi nyumba zonse ziwiri ndi bwanamkubwa yemwe.

A Obama anatula pansi mpandowu mu Novembala 2004 atasankhidwa kupita ku Washington. Panali patatsala miyezi pafupifupi 26, yosakwana 28 ija, choncho a Kwame Raoul, loya wobadwa kwa makolo ochokera ku Haiti, anaikidwa ndi atsogoleri a mawadi ndipo ovota anadzawaona pa pepala mu 2006. A Raoul ndiwo anatsogolera mu Senate bilu yothetsa chilango cha imfa, imene bwanamkubwa Pat Quinn anasaina mu Malichi 2011. Atasankhidwa kukhala loya wamkulu wa boma la Illinois mu 2018, mpando unadzazidwanso mwa njira yomweyo mu Januwale 2019, ndipo anaikidwa a Robert Peters. Iwowa anakumana ndi mpikisano weniweni pa chipulula cha 2020 n'kupambana, ndipo dzina lawo limamveka kwambiri pa lamulo lothetsa belo ya ndalama, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2023. Mukawerenga bwino, mwa maseneta anayi amene atsatira a Newhouse, atatu analowa poikidwa, ndipo mmodzi amene analowa posankhidwa analibe wopikisana naye m'chipani. Ntchito zimene anagwira ndi zazikulu, sindikuzichepetsa, koma khomo limene analowera ndi lopapatiza kwambiri.

Ngati ndinu nzika ndipo munalembetsa, voti yanu ili ndi mphamvu pa chipulula, chimene ku Illinois kawirikawiri chimachitika mu Malichi. Simufunika khadi la chipani: mumangonena pamalo ovotera kuti mukufuna pepala la chipani chiti. Pa chipulula cha chaka chosankha pulezidenti, yang'anani kumunsi kwa pepalalo, kumene kuli dzina la wofuna kukhala mtsogoleri wa chipani m'wadi yanu. Ambiri amadumpha mzere umenewo, chonsecho munthu ameneyo ndi amene adzakuvotereni seneta mpando ukadzatseguka pakati pa nthawi. Ndipo musanasainire aliyense wobwera ndi mapepala pakhomo, onani pa khadi lanu la kuvota ngati adiresi yanu ikadali m'dera la 13, chifukwa malire anasunthanso mu 2021.