Kwa achimwene amene asuta zaka 22 ndipo akufuna kusiya

Achimwene, positi yanu ndaiwerenga. Mwati muli ndi zaka 41, mwasuta zaka 22, paketi imodzi pa tsiku, mwayesapo kusiya koma tsiku lachitatu likangokwana mumapezeka mwayatsa kale, nde mukufunsa ngati pali phindu kusiya panopa poti mapapo anapsa kale, komanso ngati kuli bwino kuchepetsa pang'onopang'ono kapena kungodula kamodzi. Makomenti ambiri pamwambapa akuti ingolimbani mtima basi. Kulimba mtima kumafunika inde, koma ambiri amene akulemba zimenezo sanadzukepo pakati pa usiku n'kumapisa m'matumba a jekete yakale kusaka kachidutswa ka ndudu. Ine ndinasutapo zaka zambiri ndisanasiye, nde mundilole nditalikitseko.

Zoti mwachedwa zija chotsanimo m'mutu. Ku Britain kunali kafukufuku amene anayamba mu 1951, Richard Doll ndi anzake ankatsatira madokotala masauzande ambiri, osuta ndi osasuta, kwa zaka 50. Zotsatira zake zomaliza zinatuluka mu 2004 ndipo zinaonetsa kuti munthu wosuta moyo wake wonse amafa msanga ndi zaka pafupifupi 10 poyerekeza ndi wosasuta, koma amene wasiya ali ndi zaka 30 amapulumutsa pafupifupi zaka 10 zonsezo, wosiya ali ndi 40 amapulumutsa 9, wa 50 amapulumutsa 6, ngakhale wa zaka 60 amapezabe zaka zitatu. Inuyo muli 41, onani nokha pomwe mwaima. Ndipo thupi silidikira zaka kuti liyambe kudzikonza ayi. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mukasiya pakangotha mphindi 20 mtima umayamba kugunda mofatsa, pakatha maola 12 mpweya woipa uja wa carbon monoxide umakhala watsika m'magazi, pakatha chaka chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika ndi theka, pakatha zaka 10 cha khansa ya m'mapapo chimakhala pafupifupi theka la munthu amene akusutabe. Sindikunamizani kuti mapapo adzabwerera ngati a mwana, timatumba ta mpweya tikaphulika tinaphulika basi, koma kuwonongekako kumasiya kuthamanga.

Tsopano za tsiku lachitatulo, chifukwa apa mpamene pagona nkhani yanu. Si kuti ndinu wofooka. Nikotini akalowa ndi utsi amafika ku ubongo m'masekondi osakwana 20, ndipo pakatha maola awiri theka lake limakhala latha m'magazi, n'chifukwa chake munthu wa paketi amangoyatsayatsa tsiku lonse komanso m'mawa amadzuka ali ndi chibaba choopsa. Ubongo umene wazolowera zimenezi zaka 22 ukamanidwa umalusa, ndipo kulusako kumafika pachimake tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Mutu kuwawa, kupsa mtima ndi zinthu zaziii, tulo kusowa, kulephera kuika maganizo pa ntchito, njala yosatha. Ikatha wiki yoyamba zimayamba kutsika, ndipo kwa anthu ambiri pomatha wiki zitatu kapena zinayi zambiri mwa izi zimakhala zapita. Nde inuyo mwakhala mukubwerera pamene pavutitsitsa, pomwe kutsogolo kwake kunali kopepukirapo. Mukadziwiratu kuti tsiku limenelo likubwera ndipo lidzakhala loipa, mumalikonzekera, simuliika pa tsiku la miting'i yovuta kuntchito kapena tsiku loti anzanu akuitanani kokamwa.

China chimene palibe anandiuzapo ndili wosuta n'choti chibaba sichikhalitsa. Chimabwera mwamphamvu ngati mufa mukapanda kuyatsa, koma mukayang'ana wotchi muona kuti mphindi zisanu, zikachuluka khumi, chatsika chokha, musute kapena musasute. Tayesani mawa lomwe musanasiye n'komwe, chikakugwirani yang'anani nthawi pa foni, imirirani, imwani madzi pang'onopang'ono, tulukani panja muzungulire nyumba, pumani mozama kangapo, mubwerere muyang'anenso foni. Ntchito yanu si kupirira moyo wonse wopanda fodya, zimenezo mukaziganiza mutu umaima, ntchito ndi kudutsa mphindi zimenezozo basi, kenako zina zikabwera mudutsenso, ndipo masiku akamapita zimabwera patalipatali.

Mwalembanso kuti fodya amakuthandizani mukapanikizika maganizo. Ndikumvetsa, nanenso ndinkatero. Koma zoona zake ndudu ili ngati munthu wa katapila, amakupatsani kamtendere ka ola limodzi kenako n'kubwera kudzatenga ndi chiwongola dzanja chake, nkhawa imene mumaithetsa poyatsa nthawi zambiri ndi ya nikotini amene watsika m'magazi, yobwera ndi ndudu yomwe munasuta ija. Anthu amene asiya kwa miyezi ingapo ambiri nkhawa zawo zimachepa kusiyana ndi nthawi imene ankasuta.

Koma nikotini ndi mbali imodzi chabe, ndipo kwa ine mbali inayo, ya chizolowezi, ndi imene imagwetsa anthu pakatha mwezi. Paketi ya ndudu 20 tsiku lililonse ndi ndudu 7,300 pa chaka, muchulukitse ndi 22, zikupitirira 160,000. Dzanja lanu lapita pakamwa kambirimbiri moti limadziwa lokha njira, ndipo ndudu iliyonse inamatirira ku chinachake. Ya m'mawa ndi kapu ya khofi kapena tiyi. Ya mukangomaliza kudya, imene ambirife timati ndiye yokoma kuposa zonse. Ya pa buleki ndi anzanu aja kuseri kwa ofesi. Ya mukakangana ndi akunyumba. Ya podikira basi. Tengani pepala masiku awiri kapena atatu musanasiye, ndudu iliyonse mukayatsa lembani nthawi, malo, ndi zimene mumachita, mudabwa kuona kuti zambiri simumazifuna n'komwe, zimangoyaka zokha. Kenako pa malo aliwonse ikanipo china. Mukamaliza kudya musakhale pampando pomwepo mukuseweretsa laita, nyamukani nthawi yomweyo mukatsuke mano, mkamwa mukamamveka mankhwala otsukira mano ndudu sikoma. Mpando umene mumakhalapo posuta usunthe kapena muusiye kaye. Pa buleki pitani kwina. Zikuoneka zachibwana koma zimagwira.

Mowa ndiye ndinene mosabisa, ngati mumamwa siyani kaye mwezi woyamba. Botolo lachiwiri likangolowa mapulani onse aja amasungunuka, mnzanu akutambasulirani paketi, inu mumvekere imodzi yokha man, m'mawa mwadzuka ndi matsire ndi paketi yanuyanu m'thumba. Imodzi yokhayo ndi bodza lalikulu kwambiri pa nkhani ya fodya. Ubongo wa munthu amene anasutapo suiwala, ngakhale patapita zaka, kukoka kamodzi kumadzutsa zonse.

Za kuchepetsa kapena kudula kamodzi, maganizo anga ndi oti sankhani tsiku, lisapitirire wiki ziwiri kuchokera lero, ndipo tsiku limenelo zithere pomwepo. Kuchepetsa kumathandiza ngati kuli ndi deti yomaliza yolembedwa pa kalendala, koma kuchepetsa kopanda mapeto kuja, lero 10 mawa 8 Loweruka 20, n'kudzinamiza. Komanso munthu akachepetsa amakoka mozama ndi kusuta mpaka ku fyuluta, thupi limapezabe nikotini wake. Ndipo musaganize kuti imodzi pa tsiku ilibe vuto, kafukufuku wina amene anatuluka mu magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2018 anapeza kuti pa nkhani ya mtima ndi sitiroko, ndudu imodzi pa tsiku ili ndi pafupifupi theka la chiopsezo chowonjezera cha ndudu 20. Zolembedwa light kapena mild zija nazonso n'chimodzimodzi, musataye nazo nthawi. Usiku woti mawa ndi tsikulo tayani zonse, paketi, laita, machesi, mbale ya phulusa, ndi ija munabisa mugalimoto kapena pamwamba pa kabati kuti mwina zikavuta. Chapani majekete ndi zofunda, fungo lija limaitana.

Mankhwala alipo ndipo si manyazi kuwagwiritsa ntchito. Ambiri amaopa kuti nikotini wa m'mankhwala ndi poizoni yemweyo, koma chimene chimabweretsa khansa kwenikweni ndi utsi, muli makemikolo oposa 7,000 ndipo pafupifupi 70 mwa amenewo amayambitsa khansa, nikotini ntchito yake yaikulu ndi kukumangani kuti muzibwerabe. Pali kachigamba komata pakhungu, ena amangoti patch, mumamata m'mawa pamkono kapena pachifuwa pamalo opanda cheya, tsiku lililonse malo ena, kamatulutsa nikotini pang'onopang'ono tsiku lonse. Pali chingamu cha nikotini ndi timaswiti toyamwa ta pamene chibaba chabwera mwadzidzidzi, ndipo kuphatikiza kachigamba ndi chingamu kumagwira bwino kuposa chimodzi chokha. Chingamucho ambiri amachilakwitsa, amatafuna ngati chingamu wamba kenako kutentha pamtima ndi nseru, n'kumati sichigwira ntchito. Mumatafuna pang'ono mpaka mumve kuyabwa kapena kuwawa mkamwa, n'kuchiika pakati pa tsaya ndi nkhama chikhale pamenepo, kuyabwako kukatha mutafunenso, choncho kwa theka la ola, ndipo osamwa khofi kapena zakumwa zowawasa mphindi 15 musanachiike mkamwa. Komanso osasiya msanga, mankhwalawa amayenera kugwiritsidwa ntchito wiki 8 mpaka 12, ambiri wiki ziwiri akamva bwino amataya n'kugwa. Palinso mapilisi opanda nikotini, varenicline, bupropion ndi cytisine, onsewa a WHO anawaika m'malangizo awo othandizira anthu kusiya fodya amene anatulutsa mu 2024, koma awa n'ngofunika dokotala, makamaka bupropion saloledwa kwa munthu amene amadwala khunyu. Mankhwala pamodzi ndi uphungu zimaposa kulimbana nazo wekha.

Wina wakomenta kuti musinthire ku vape, ndudu yamagetsi ija, kapena shisha, fodya wokokera m'botolo la madzi. Shisha ndiye iwalani, ndi utsi womwewo ndipo makala ake amawonjezera carbon monoxide, madzi aja sachotsa kuopsa kwake. Vape ilibe utsi wa fodya woyaka ndipo ena yawathandiza kusiya ndudu, koma ndaona ambiri akungokhala ndi zonse ziwiri, vape m'nyumba ndudu panja. Fodya wamphuno kapena woika mkamwa nayenso si pothawira.

Kanthu kena kamene kamadabwitsa anthu, utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuphwanya caffeine wa mu khofi mwachangu, nde mukasiya, makapu a khofi omwe aja amakhala ngati mwamwa owirikiza, mtima thithithi, manja kunjenjemera, tulo osabwera, inu n'kumati ndi chibaba. Chepetsani ndi theka. Zomwezi zimachitikanso ndi mankhwala ena, monga theophylline wa chifuwa, clozapine ndi olanzapine a matenda a maganizo, nde ngati pali mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, ngakhale a shuga, auzeni adokotala kuti mukusiya fodya aone ngati mlingo ukufunika kusintha.

Kutsokomola kukhoza kuwonjezeka masabata oyambirira, makhololo akuda kumatuluka, musachite mantha n'kuthamangira ndudu, timaubweya ta m'njira ya mpweya timene utsi unatifooketsa tayambanso kusesa. Koma mukaona magazi, kapena chifuwa chapitirira wiki ziwiri limodzi ndi thukuta la usiku ndi kuwonda, kapena kupweteka pachifuwa ndi kubanika, pitani kuchipatala mukayezetse, osuta amadwala TB kwambiri kuposa osasuta ndipo zimenezo si za kusiya fodya ayi. Thupi mwina liwonjezeka, ambiri makilo anayi kapena asanu m'chaka choyamba, chifukwa lilime ndi mphuno zimatseguka zakudya n'kuyamba kukoma, yendani tsiku lililonse koma musayambe nkhondo ziwiri nthawi imodzi, za mimba mudzaziona pambuyo. Kudzimbidwa kumachitikanso, madzi ambiri. Maloto oti mukusuta nawonso amabwera, umadzuka mtima uli m'mwamba kuganiza kuti waononga zonse, kenako n'kuzindikira kuti anali maloto.

Akunyumba auzeni zoona, kuti wiki ikubwerayi ndikhala wovuta, ndikakalipa si inu. Ndipo awapemphe asakhale apolisi onunkhiza malaya, zimenezo zimangopangitsa munthu kusutira kobisika. Anzanu osuta auzeni kamodzi momveka kuti ndasiya, osati ndikuyesa kusiya, chifukwa mukati ndikuyesa amadziwa kuti khomo lili pululu ndipo akupatsani. Ena akusekani, ena mudzadabwa akubwera kumbali kudzafunsa kuti mwatani man. Ndalama ya paketi muziiika padera tsiku lililonse pamalo poti muziiona, ikamakwera imalimbitsa mtima kuposa malangizo a aliyense.

Zikachitika kuti mwasuta imodzi, musanene kuti basi zaonongeka ndimalize paketi ndidzayambenso mwezi wamawa. Tayani zotsalazo nthawi yomweyo, kachigamba musachotse, muone chimene chakugwetsani, kaya ndi mowa kaya mkangano kaya kungosowa chochita, n'kukonza pamenepo. Pafupifupi aliyense amene anasiya anayesa kangapo asanathe, maulendo anu akale aja akuuzani kale kuti mdani wanu ndi tsiku lachitatu.

Ndiyankheni pansipa zinthu ziwiri, ndudu yoyamba mumayatsa patatha mphindi zingati mutadzuka, komanso ngati mumamwa mowa. Ngati ndi mkati mwa mphindi 30 ndiye kuti nikotini anakugwirani kwambiri, ulendo uno musalowe chimanjamanja, yambani mwaonana ndi adokotala kapena a ku famase za kachigamba ndi chingamu cha 4 mg musanasankhe deti yanu.