Ulendo woyamba wa ku Cape Town: yambani ndi phiri, zinazo zidikire

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba, mphunzitsi wa ku sekondale. Akuti: "Mu Disembala ndikupita ku Cape Town kukaona mng'ono wanga amene amagwira ntchito kumeneko. Aka n'koyamba kutuluka m'dziko muno, ndipo ndikakhala sabata imodzi. Ndakhala ndikulemba malo amene ndaona pa TikTok ndi pa Facebook mpaka pepala ladzaza. Ndiyambire pati kuti ndione onse, ndalama n'kundikwanira?"

Achemwali, zikomo polemba. Onsewo simukawaona, ndikuuziretu. Pa sabata yanuyo chotsanipo tsiku lopita ndi lobwerera. Ndege yochokera ku Chileka kapena ku Lilongwe imakusiyani ku Johannesburg, ndiye mukwere ina ya maola awiri. Mukasankha basi kuchokera ku Joniko, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400, mukafika miyendo itatupa. Atsala masiku asanu, ndipo pa masiku asanuwo amene akakonze ndondomeko yanu si inu, si mng'ono wanu, koma mphepo.

Disembala n'chilimwe chawo. Mvula yawo imagwa pakati pa Juni ndi Ogasiti, choncho inu mukapeza kunja kuli ngwee, dzuwa likulowa cha m'ma 8 koloko usiku. Koma imeneyi ndiyonso nyengo ya chimphepo chochokera kum'mwera chakum'mawa, chimene eniake amachitcha Cape Doctor. Amene anakhalapo kunyanja akudziwa mmene mwera umakhazikira asodzi pagombe, kumenekonso n'chimodzimodzi. Chikawomba, zinthu ziwiri zimene aliyense amapitira ku Cape Town, kukwera Table Mountain ndi kuwolokera ku Robben Island, chilumba chimene Nelson Mandela anamangidwako, zikhoza kutsekedwa tsiku lomwelo popanda wopepesa. N'chifukwa chake ziwirizi muziike koyambirira kwa sabata, kuti zikalephereka mukhale ndi mpata woyesanso. Anthu ambiri amasungira phiri tsiku lomaliza ati likhale lotsanzikira, n'kubwerera kwawo atangoliona m'munsi.

Za phirili lamulo ndi limodzi. M'mawa woyamba umene mwadzuka n'kuona pamwamba pake pali mbee, popanda mtambo uja umayala ngati nsalu ya patebulo, siyani zonse, nyamukani. Tsegulani webusaiti ya cable car, ngolo yoyenda pa chingwe yokwezera anthu paphiri, muone ngati ikuyenda, gulani tikiti pa foni pomwepo, ndipo mufike m'mamawa mzere usanatalike. Cable car imeneyi inayamba kunyamula anthu mu 1929. Imatenga mphindi zisanu zokha, ndipo pansi pomwe mwaima pamazungulira pang'onopang'ono, ndiye musalimbirane windo ndi anthu, mbali zonse mukaziona. Pamwamba ndi mamita 1,085 kapena kuposa pang'ono. Sapitwa wathu, wa mamita 3,002, ndi wamtali pafupifupi katatu, koma phiri ili limadzuka kuchokera m'nyanja momwe, mzinda wonse uli kumapazi anu, ndi chilumba cha Robben chikuoneka patali. Nyamulani juzi ngakhale kumunsi kukutentha. Pamiyala mukapeza mbira, zija zinasowa mchira chifukwa chotuma, zikuwothera dzuwa mopanda mantha ndi anthu. Njira yokwera wapansi iliponso, ya Platteklip Gorge, koma ndi masitepe a miyala okhaokha kwa maola awiri kapena atatu, padzuwa. Musaiyende nokha.

Robben Island ndi yosiyana: imeneyi simungadikire kuti muone kunja kwacha bwanji. Mu Disembala matikiti amatha msanga, ndiye gulani pa intaneti musananyamuke ku Zomba, musankhe boti la m'mawa pa tsiku lanu lachiwiri. Maboti amanyamukira pa Nelson Mandela Gateway, padoko la V&A Waterfront, ndipo ulendo wonse, kupita ndi kubwera, umadya maola pafupifupi anayi. Idyani mopepuka, nyanja ya kumeneko imagwedeza m'mimba.

Inu monga mphunzitsi, ulendo uwu ndi umene ndingakupangireni makani kuti musauphonye. Mukatsika boti mumakwera basi yozungulira chilumbacho. Mumadutsa pa kanyumba kamene Robert Sobukwe, mtsogoleri wa chipani cha PAC cholimbana ndi tsankho, anasungidwa yekhayekha, osaloledwa kucheza ndi akaidi anzake, kenako pa mgodi wa laimu pamene akaidi ankaswa miyala, kunyezimira kwake mpaka kuwawononga maso. Mukafika kundende kwenikweniko, amene amakulandirani nthawi zambiri ndi munthu woti anamangidwapo momwemo. Amakulowetsani m'chipinda chachikulu, n'kukuonetsani chikalata cha chakudya cha akaidi, mmene ngakhale phala ndi shuga ankagawira potengera khungu la munthu. Pomaliza mumadutsa mmodzimmodzi pa kachipinda ka Mandela: mphasa pansi, bulangete lopindidwa, katebulo, ndi chidebe chodzithandiziramo. Pa zaka 27 zimene anakhala m'ndende, zaka 18 anathera pachilumbachi, kuyambira 1964 mpaka 1982. Tsiku limenelo musaikeponso china chachikulu. Mukabwerako khalani pansi ku Waterfront, mudye, mupume. Mukuyang'ana zombo padokopo, kumbukirani kuti mu 1919 mnyamata wa ku Nkhata Bay, Clements Kadalie, anayambitsa bungwe la ICU (Industrial and Commercial Workers' Union) pakati pa anthu ogwira ntchito padoko la mzinda umenewu, ndipo linakula n'kukhala bungwe lalikulu la apantchito akuda m'dziko lonselo. Ana anu a Fomu 3 akamve zimenezi kuchokera kwa munthu woti wapondapo.

Nanga tsiku limene mphepo yakana? Limenelo ndi la m'tauni, wapansi, ndipo ndi lotsika mtengo kuposa onse. Yambani ku Company's Garden, munda umene Adatchi anayamba kulima ndiwo zamasamba zodyetsa amalinyero awo atafika mu 1652. Pafupi pomwepo pali Slave Lodge, nyumba imene ankasungiramo akapolo. Yendani pang'ono mufike ku District Six Museum. Mu 1966 boma la tsankho linalengeza kuti dera limenelo ndi la azungu okha, ndipo anthu oposa 60,000 anasamutsidwa, nyumba zawo n'kugwetsedwa. M'kati mwa nyumba yosungiramo mbiriyi muli mapu aakulu pansi, pamene eni ake a makomowo analemba okha mayina a mabanja awo pamalo pomwe panali nyumba zawo. Potuluka dzerani pa City Hall muone khonde limene Mandela analankhulirapo pa 11 Febuluwale 1990, tsiku lomwe anatulutsidwa. Ikakwana 12 koloko masana mukamva chiphokoso ngati bomba, musathawe: ndi mzinga wa pa Signal Hill, amauwomba tsiku lililonse kupatula Lamulungu ndi masiku a tchuthi. Bo-Kaap, kwa nyumba za mitundumitundu zimene ndikukhulupirira zili pamwamba pa pepala lanu, ndi ola limodzi basi. Kumbukirani kuti m'nyumbazo mumakhala anthu. Musakwere pakhonde la eni kukajambulitsa osapempha.

Tsiku lina lathunthu lipite kum'mwera, ku Cape Point ndi ku Boulders Beach kwa mbalame zija zoyenda chiimire, ma penguin, pafupi ndi Simon's Town. Apa nyamulani pasipoti yeniyeniyo, chifukwa malo awiriwa ali pansi pa SANParks, bungwe la boma loyang'anira malo osungirako zachilengedwe, ndipo nzika za mayiko a SADC zimalipira mtengo wotsikirapo poyerekeza ndi alendo ochokera ku Ulaya kapena ku America. Mukapanda kuonetsa pasipoti mulipira ngati Mjeremani. Anyani a ku Cape Point amatsegula zikwama ndi zitseko za galimoto, chakudya musachigwire poyera. Wina akakuuzani kuti apa ndiye pothera penipeni pa Africa, mungomwetulira. Pothera pake ndi Cape Agulhas, kutali ndithu chakum'mawa. Ulendo umenewu umafuna galimoto, ndiye sonkhanani ndi anzake a mng'ono wanu kapena mulipire kampani yoyendetsa alendo. Thumba likakana, sitima ya pamtunda yochokera m'tauni kudzera ku Muizenberg ndi Kalk Bay imayenda m'mphepete mwenimweni mwa nyanja pa mtengo wochepa. Ikwereni masana.

Zimene ndingadule pa pepala lanu: ulendo wokaona nyama zakutchire, poti Liwonde muli naye pakhomo ndipo njovu zake n'zaulere poyerekeza, minda ya mphesa ya ku Stellenbosch ngati vinyo simumwa, ndi tsiku lathunthu m'mashopu akuluakulu. Kugula kuchitike madzulo amodzi, kumapeto, mutadziwa zimene zatsala m'thumba. Ku Camps Bay pitani mukaone dzuwa likulowa, koma zosambira musaziwerengere. Madzi a mbali imeneyo amazizira mpaka mafupa kuwawa, ngakhale mu Disembala.

Tsopano nkhani ya mng'ono wanu, imene anthu ambiri amaiiwala pokonza mapulani. Iye sali pa holide. Ngati amagwira m'hotela, mu lesitilanti kapena m'nyumba za anthu, Disembala ndi mwezi umene sapuma n'komwe. Mufunseni lero tsiku limene adzakhale pa ofu, ndipo tsiku limenelo mulisiye lopanda pulani: la kutchalitchi, la nsima, la achibale ndi anzake ochokera kumudzi amene akabwere kudzakuonani ndi kudzakupatsirani katundu wa kwawo. Masiku enawo mukayenda nokha, choncho funsaninso dzina la dera limene amakhala. Mabasi a MyCiTi safika paliponse, ndipo salandira ndalama m'manja, amafuna khadi lawo la myconnect. Kumene safikako mukadalira minibasi, Uber kapena Bolt, ndipo ndalama ya mayendedwe ikhoza kuposa ya matikiti a malo onse aja. Kukada musayende wapansi, foni musaigwire poyera mumsewu, ndipo pa ATM munthu wofuna "kukuthandizani" mumukane, ngakhale atavala bwino chotani.

Za kubanki yambani msanga. Mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kuno, ma randi simungawapeze tsiku limodzi, ndipo muwafunse ngati khadi lanu likagwire ntchito kunja komanso malire ake ndi angati. Ndi pasipoti ya Malawi simufunika viza pa ulendo wokacheza wosapitirira masiku 30, koma pachipata yang'anani tsiku limene adinda musanachoke pawindo. Wotchi musasinthe, nthawi ndi imodzimodzi ndi yathu. Chosintha ndi pulagi: masoketi awo ndi a mabowo ozungulira, chaja yanu ya mano atatu amakona sikalowa. Gulani adaputa pabwalo la ndege kapena muuze mng'ono wanu akusungireni, chifukwa matikiti onse aja akakhala mu foni.