Kodi ndigule lamba wonyamulira zitsulo?

Funso: Akonzi, ndatha miyezi isanu ndikunyamula zitsulo ku jimu, ndipo ndimaona anzanga atamanga lamba wachikopa kuyambira polowa mpaka potuluka. Ena akuti ndikapanda kugula ndidzavulala msana, pomwe ena akuti lambayo amafooketsa minofu ya pamimba. Ndimvere ati?

Yankho: Achimwene, musathamangire kugula, chifukwa pa miyezi isanu chimene thupi lanu likufuna kwambiri ndi kuphunzira kanyamulidwe koyenera. Ambiri amaganiza kuti lamba amachirikiza msana ngati mzati, koma ntchito yake yeniyeni ili kutsogolo, pamimba. Munthu akakoka mpweya wambiri, n'kuusunga, n'kukankhira mimba kunja, lamba amakhala ngati khoma loti minofu itsamirepo, ndipo mphamvu imene imadzaza m'mimbamo ndiyo imalimbitsa thunthu lonse kuti msana usapindike. Ganizirani chitini cha chakumwa chosatsegula: n'chovuta kuchiphwanya ndi phazi, koma chikatsegulidwa n'kutha chimaphwanyika msanga. Wosadziwa kusunga mpweya chotere, ngakhale atamanga lamba wokwera mtengo bwanji, wangovala chokongoletsa.

Lamba amakhala ndi phindu pa squat (kunjuta n'kudzuka chitsulo chili pamapewa), deadlift (kunyamula chitsulo kuchokera pansi mpaka kuwongoka) ndi pokankhira chitsulo pamwamba pa mutu mutaimirira, makamaka mukafika cha pa 80 peresenti ya kulemera kumene mungathe kunyamula kamodzi kokha. Ngati malire anu pa squat ndi makilogalamu 100, lamba ayambe kuoneka cha pa 80, ndipo potenthetsa thupi ndi zitsulo zopepuka akhale m'chikwama. Anzanu omanga lamba popinda mikono ndi kachitsulo kakang'onowo asiyeni, sakupindulapo kanthu.

Zoti amafooketsa mimba zisakuopseni, popeza minofu imagwirabe ntchito pokankha lambayo. Choopsa chenicheni ndi kudzidalira kumene amabweretsa, koti munthu n'kuwonjezera zitsulo msana uli chopindika, poganiza kuti chikopa chimuteteza.

Nthawi yogula ikadzakwana, mudzasankhe wokwana bwino pakati pa nthiti ndi mafupa a m'chiuno. Bungwe loyendetsa mipikisano yonyamula zitsulo zolemera (powerlifting) la IPF limalola lamba wosapitirira masentimita 10 m'lifupi ndi mamilimita 13 kukhuthala kwake, koma kwa munthu wamfupi thunthu wocheperapo ndiye wabwino, chifukwa wamkulu amabaya nthiti mukanjuta. Mumange molimba koma chala chizitha kulowa, ndipo mukatsitsa chitsulo mummasule kuti mupume bwino.

Kusunga mpweya kotereku kumakweza kuthamanga kwa magazi kwa kanthawi, ndipo lamba amawonjezera. Ngati muli ndi BP, vuto la mtima kapena phudzi, kapenanso ngati msana ukuwawa kale, yambani mwaonana ndi dokotala musanabwerere ku zitsulo zolemera.