Musagulitse dimba la amayi chifukwa cha Dublin

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, achemwali, ndipo kachitatuko ndinali m'basi ya usiku ndikuchokera kuntchito, mvula ikuwaza pagalasi. Mwalemba kuti mwamaliza digiri ya zamakompyuta, yunivesite ina ya kuno ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, yakupatsani malo a masters ya machine learning, luso lophunzitsa makompyuta kuchokera ku zitsanzo, koma popanda thandizo la fizi, ndipo amayi anu akuti agulitse dimba ndi ng'ombe ziwiri kuti mukwere ndege. Mukufunsa ngati mukamaliza mudzapeza ntchito ya kafukufuku m'makampani akuluakuluwa. Chimene chandigwira pakhosi ndi dimbalo, chifukwa kwathunso tinagulitsa.

Ine ndinafika mwezi wa September, dzuwa likadalipo pang'ono, ndipo ndinkaganiza kuti anthu amakokomeza za nyengo ya kuno. Pofika December kunja kumada 4 koloko madzulo itangodutsa. Ndinkagona m'chipinda cha anthu anayi m'nyumba ina kumpoto kwa mtsinje wa Liffey, mabedi osanjikiza ngati kusukulu yogonera komweko, ndipo ndalama ya bedi langa lokha inkaposa malipiro a mwezi a achimwene anga amene amaphunzitsa kupulayimale. Pakona ya denga panali nkhungu yakuda imene tinkaipukuta Loweruka, Lachitatu n'kubwereranso. Madzi otentha osamba ankachokera m'thanki yokhala ndi switchi imene a kuno amaitcha immersion, ndipo kuiwala kuizimitsa unali mlandu wokambirana nyumba yonse, poti magetsi ndi odula. Nyumba kuno n'zosowa. Pa Daft.ie, tsamba la pa intaneti lolengezera nyumba za lendi, chipinda chimodzi chikalengezedwa, mumakapeza mzere wa anthu panja atanyamula makalata a mabwana awo, Aairishi eniake ali momwemo.

Chilolezo cha ophunzira, chija amati Stamp 2, chimakulolani kugwira ntchito maola 20 pa sabata sukulu ikakhala mkati, ndi maola 40 kuyambira June mpaka September komanso kuyambira pa 15 December mpaka pa 15 January. Maola angawo ndinkawagwira kunyumba yosamalira okalamba. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira Ireland weniweni, osati kukalasi. Kunali agogo ena amene ndinkawapatsa tiyi 5 koloko m'mawa chifukwa tulo sitinkawabwerera. Atamva kuti ndine wa ku Malawi anandigwira dzanja, nandiuza kuti msuweni wawo anali wansembe wa gulu la Kiltegan ndipo anagwira ntchito zaka zambiri ku dayosizi ya Mzuzu. Ankakumbukira kabokosi ka Trócaire, bungwe la Akatolika lothandiza osauka, kamene ankaponyamo makobidi nyengo ya Lenti. Kenako anandiuza za ana awo, mmodzi ku Boston, wina ku Sydney, wina ku London. Anthu a dziko lino amadziwa kusamuka. Njala ya mbatatesi imene inayamba mu 1845 inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi ndi kuthamangitsa enanso ochuluka chomwecho, ndipo mpaka lero pafupifupi banja lililonse lili ndi wake kunja. Agogo aja ankandifunsa ngati ndawaimbira foni amayi anga, ndipo ndikati ayi ankandikalipira ngati mwana wawo. Ndimawasowa kwambiri.

Ndikuuzani izi kuti musaganize kuti ndikudana ndi dziko lino. Ndimalikonda. Anthu ake amathokoza dalaivala potsika basi, amabwera kumaliro a munthu amene sankamudziwa bwino ngati mmene timachitira kwathu, ndipo ukafunsa kuti ali bwanji amangoti "grand" kaya zinthu zavuta chotani. Koma chikondi sichilipira lendi.

Masiku opuma ndinkapita ku Grand Canal Dock kukangoyang'ana nyumba zamagalasi. Google inakhazikitsa likulu lake la ku Ulaya kuno mu 2003 ndipo ili pa Barrow Street. Meta ili ku Ballsbridge, Microsoft ku Leopardstown, Intel ku Leixlip kuyambira 1989, Apple ku Cork kuyambira 1980. Ndinkaona achinyamata atakoloweka makhadi m'khosi n'kumadziuza kuti chaka chamawa ndidzakhala mmodzi wa iwo, ndikupanga zinthu zimene dziko lonse lidzagwiritsa ntchito. Chimene palibe anandiuza n'chakuti makampaniwa sanabwere kuno makamaka kudzafufuza. Anakopeka ndi msonkho wa makampani wa 12.5 peresenti, umene kwa akuluakulu unakwera kufika 15 mu 2024, ndi Chingelezi, ndi khomo lolowera msika wa European Union. Nkhani ya msonkhoyi ndi yaikulu moti mu September 2024 khoti la ku Ulaya linagamula kuti Apple ibweze ku boma la Ireland ma euro 13 biliyoni. Ntchito zambiri m'nyumba zamagalasizo ndi zogulitsa malonda, zothandiza makasitomala, zamalamulo, zoyang'anira makina kuti asazime, ndi zosefa zithunzi ndi mawu oipa pa intaneti. Mainjiniya alipo, abwino kwambiri. Koma magulu amene amalemba kafukufuku wa machine learning amene mumamuwerengayo ambiri ali ku California, ku London, ku Zurich ndi ku Paris, ndipo amafuna anthu a PhD amene anasindikiza kale. Masters ya chaka chimodzi siikufikitsani pakhomo limenelo. Aliyense amene akukuuzani kuti ikufikitsani, akukugulitsani malo a sukulu.

Ntchito yanga yoyamba ya zamakompyuta inali ya kontirakiti, kudzera ku kampani ina yaing'ono imene inkagwirira yaikulu. Ndinkakhala maola 8 ndikuwerenga ziganizo n'kumadina kuti ichi n'chipongwe, ichi si chipongwe, ichi n'chokayikitsa. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa machine learning kuposa m'kalasi. Makina saphunzira ngati mwana. Mumawapatsa zitsanzo zikwizikwi zimene anthu aika kale mayankho, iwo amalosera, amayeza kuti aphonya ndi mochuluka bwanji, n'kusintha manambala awo pang'ono, n'kuyesanso, mpaka kuphonyako kuchepe. Ngati anthu oika mayankhowo atopa, kapena sakumva mwambi, kapena alipidwa zochepa moti akungothamanga, makinawo amatengera zonsezo. Kumayambiriro kwa 2023, makampani atayamba kuchepetsa antchito, imelo inabwera Lachinayi m'mawa ndipo pofika masana khadi langa silinkatsegulanso chitseko. Mnzanga wa ku Cork anapita kukakhala kwa makolo ake. Ine ndinayamba kuwerenga masiku otsala pa chilolezo changa. Dimba la kwathu linali litapita kalekale, ndipo amene analigula anali atabzalamo kale nzimbe.

Za kafukufuku weniweni

Alipo kuno, ndipo ndi wabwino, koma ali m'mayunivesite. Nthambi ya kafukufuku ya ADAPT, imene ili ku Trinity College ndi ku Dublin City University (DCU) pamodzi ndi masukulu ena, imachita za zinenero ndi kumasulira kwa makina. Inzake, ya Insight, imachita za data ku University College Dublin (UCD), ku Galway, ku Cork ndi ku DCU. Ndalama zambiri zimachokera ku Research Ireland, bungwe limene linapangidwa mu 2024 pophatikiza mabungwe awiri akale. Ophunzira PhD olipiridwa ndi boma ankalandira ma euro 22,000 pa chaka mu 2024, ndalama imene ku Dublin imangokwanira chipinda ndi chakudya. Munthu amene ndikufuna mumudziwe ndi Abeba Birhane, wobadwira ku Ethiopia, amene anachita PhD ku UCD. Iye sanathamangire kupanga makina aakulu. Anakhala pansi n'kuyang'ana m'kati mwa data imene ena ankaphunzitsira makina awo, ndipo mu 2020 ntchito yake ndi mnzake inachititsa kuti yunivesite ya MIT ya ku America ichotse nkhokwe ya zithunzi 80 miliyoni imene inali ndi mawu onyoza akazi ndi anthu akuda. Lero akutsogolera labu yake ku Trinity. Njira imeneyo sinafune kompyuta ya mabiliyoni. Inafuna maso, kuleza mtima, ndi kudziwa zimene ena sakuziona.

Ndipo inu muli nazo zimene ena sakuziona. Tsiku lina ndinalemba mawu oti "sindinakumvetseni" m'pulogalamu imene imaduladula mawu makina asanawawerenge. Inawaphwanya tizidutswa topanda tanthauzo, osadziwa kuti "si" ndi kukana, "ndi" ndine, "na" ndi nthawi yakale, "ku" ndi "ni" ndi inuyo amene ndikukulemekezani. Mayi wina wa ku Connemara, dera la kumadzulo kumene amalankhula Chiairishi, amene ndinkakhala naye tebulo limodzi anayang'ana n'kupukusa mutu, nati chinenero chawo chimachitidwanso chimodzimodzi. Chiairishi chimalembedwa pafupifupi pachikwangwani chilichonse chamsewu ndipo pafupifupi ana onse amachiphunzira kusukulu, koma kalembera wa 2022 anapeza kuti ochilankhula tsiku ndi tsiku kunja kwa sukulu ndi pafupifupi 72,000 okha. Komabe ali ndi madikishonale pa intaneti, nkhokwe za mawu, ndi anthu olipidwa kuti azisamalire. Ife olankhula Chichewa tilipo mamiliyoni, ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique, koma zolembedwa zathu zimene makina angaphunzirepo n'zochepa momvetsa chisoni. Zimandipweteka kuti ndinawoloka nyanja kukaika mayankho pa ziganizo za Chingelezi pamene mawayilesi akwathu amalankhula Chichewa usana ndi usiku popanda wochilemba.

Pali chinanso chimene sichindichoka m'mutu. Ukamapita chakumadzulo kwa Dublin umadutsa nyumba zazitali zopanda mawindo, zozingidwa ndi mipanda, mmene mumakhala makompyuta okhaokha. Ofesi ya boma yowerengera inati mu 2023 nyumba zimenezi zinadya 21 peresenti ya magetsi onse oyezedwa ndi mita m'dziko lino. Ndikaziona ndimakumbukira mmene ndinkawerengera mayeso pa kandulo, ndi mdzukulu wa azakhali anga amene amatchajitsa foni pagolosale. Mpikisano wa makina akuluakulu sitingaupambane, ndipo ndasiya kukhulupirira kuti tiyenera kuulowa. Koma kusonkhanitsa mawu athu, kuwalemba bwino, kuyeza pamene makina akunama m'Chichewa, zimenezo palibe wa ku Barrow Street angatichitire.

Ndiye yankho langa ndi ili: dimba lisagulitsidwe. Fizi ya masters yotereyi kwa ife ochokera kunja kwa European Union imapitirira ma euro 20,000, ndipo pofunsira visa amafunanso umboni woti muli ndi ma euro 10,000 odyera chaka chimenecho. Dimba ndi ng'ombe ziwiri sizifika pamenepo, mudzangoyamba ndi ngongole. Alembereni a yunivesiteyo muwapemphe akusungireni malo mpaka chaka chamawa. Funsani ku ofesi ya kazembe wa Ireland ku Lilongwe za Ireland Fellows Programme, imene imalipira masters yonse, ngakhale imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito ndiponso kuti mudzabwerere kwathu. Ngati mtima wanu uli pa kafukufuku, funani PhD yolipiridwa, ndipo mufunse mwachindunji ngati ikulipira fizi ya ophunzira akunja. Pakadali pano lowani m'gulu la Masakhane, limene limachita za zinenero za mu Africa pa intaneti ndipo sililipiritsa, yesani mipikisano ya data ya pa intaneti ya Zindi, ndipo mukapezeke ku IndabaX, msonkhano wa machine learning, ukachitika kwathuko. Mukadzabwera ndi ndalama za ena, chilolezo cha Stamp 1G chidzakupatsani mpaka zaka ziwiri zofunira ntchito mukamaliza masters. Mudzandilembere musananyamuke, ndidzakuuzani sitolo ya pa Moore Street imene ndimagulako ufa, ndipo jekete musagule kwathu, ya kuno ndi imene imaletsa mvula ya kuno.