Zolembedwa pa paketi ya nkhuku zija, n'zoona kapena n'zotsatsira malonda chabe?

Funso: Zikomo azakhali. Ine ndimakhala ku Matawale konkuno ku Zomba, nkhuku ndimagula za mufiriji m'shopu ina mtauni chifukwa nthawi yososola ndilibe. Mwezi watha ndinapeza mitundu iwiri, ina yalembedwa "grain fed, farm fresh, no added hormones" mtengo wake wokwererapo, inayo angolemba dzina la kampani basi. Ndinatenga yodulayo koma pophika madzi anachita kudzadza mupoto, kakomedwe n'chimodzimodzi. Komanso apongozi anga nkhuku zoyera sadya, ati amazibaya jakisoni kuti zikule msanga. Ndiye zolembazi zimatanthauza chani kwenikweni? Mayi wa ku Matawale.

Yankho: Achemwali, mawu atatu munawerengawo palibe abodza, koma palibenso limodzi loti mukanawonjezera nalo ndalama. "Grain fed" ndiye kuti nkhukuyo imadya chimanga ndi mbewu zina, nanga pali broila yomwe sidya zimenezo? Zakudya za broila zija, sitata, growa, finisha, zonsezo ndi chimanga ndi soya, kuthirako mchere, laimu ndi mavitamini. Zili ngati munthu alembe pa thumba la mgaiwa kuti wochokera ku chimanga. "Farm fresh" pa nkhuku youma gwa ngati mwala, imeneyo ndingoseka.

Za apongozi, muwafotokozere mwaulemu. Broila imakwana kudyedwa pa masabata 6 pomwe ya chikuda imatenga miyezi 5 kapena 6, ndiye m'pomveka kuti anthu akayikire, koma chinsinsi chake ndi mtundu. Akhala akusankha makolo okula msanga kwa zaka zambirimbiri, kuphatikiza chakudya chamagulu, nyali usiku, nkhuku yosayenda mtunda, ingodya n'kukhala pansi. Ku America mahomoni, mankhwala okulitsa msanga omwe apongozi akuwaganizirawo, pa nkhuku ndi oletsedwa kuchokera m'ma 1950, ku Ulaya ndi oletsedwanso, ndipo taganizani mlimi wa nkhuku 5,000 azigwira imodziimodzi n'kumabaya tsiku ndi tsiku, angapindule chani? Ndiye "no added hormones" ndi kudzitama ndi chinthu choti yotchipa ija nayonso ilibe.

Chomwe ine chimandidetsa nkhawa ndi maantibayotiki, aja amasungunula m'madzi akumwa madziwo n'kusanduka achikasu. Pa paketi ya mankhwalawo pamalembedwa masiku oti mlimi adikire asanaphe nkhuku kapena kugulitsa mazira, koma Khrisimasi ikayandikira oda atabwera, ena sadikira ayi. Maiko a European Union analetsa mu 2006 kupatsa ziweto maantibayotiki ongokulitsira. Mukamagula yamoyo kwa oweta pakhomo, funso ndi limenelo, munazipatsa liti mankhwala komaliza? Katemera wa chitopa yekha musamuope, ameneyo ndi wabwino.

Mudzaonanso "free range". Ku European Union mawuwa ali ndi lamulo lake, broila izituluka panja masana, iliyonse ikhale ndi malo a sikweya mita imodzi panjapo ndipo isaphedwe isanakwane masiku 56, ya "organic", yowetedwa mwachilengedwe, masiku 81. Mawu otere amalemera pokhapo pali wina amene anapita kukhola kukaona, ndiye yang'anani ngati paketiyo yatchula bungwe lomwe linatsimikiza. Ngati palibe, ndi mawu a wogulitsa chabe. Free range yosafuna chikalata ndi tambala uja amabwera pa njinga kuchokera ku Jali kapena ku Thondwe, miyendo yolimba, zikhadabo zakutha ndi kupalasa, wofuna makala ambiri kuti afewe.

Tsopano madzi munawaona mupoto aja. Ena ndi ayisi wamba, koma makampani ena amabaya nyama ndi madzi a mchere nkhuku itaphedwa kale, amati "brine", akuti kuti ifewe, chonsecho pa sikelo madziwo mukuwagula pa mtengo wa nyama. Ku South Africa zinafika poti mu 2016 boma linaika malire, 15 peresenti pa zidutswa ndi 10 peresenti pa nkhuku yathunthu. Tembenuzani paketi muwerenge timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo, mukaona "brine" kapena "water, salt" mwadziwa. Komweko muonenso chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, tsiku lopakira ndi lothera, ndi cha halaal ngati pakhomo pali Asilamu, poti kuno ku Zomba alendo otere sasowa. Ndipo ndi kuzimazima kwa magetsiku, paketi yomwe pansi pake pali ayisi wofiirira ngati magazi isiyeni, inasungunukapo n'kuumanso imeneyo.

Apongozi akakanabe musalimbane nawo, agulireni tambala wa chikuda ku msika waukulu uja, mumuphike pamoto wa makala, inu ndi ana muzidya yanu yotchipayo.